Kodi Chithandizo Chafika Pabanja? Mmene Ntchito ya Zaumoyo Imayezedwera

Mlimi akafuna kudziwa ngati chaka chamuyendera bwino sawerenga masiku amene anagwira khasu, koma amakayang'ana m'nkhokwe. Ntchito yothandiza mabanja pa zaumoyo iyenera kuweruzidwa chimodzimodzi. Mlangizi wa zaumoyo angathe kuyendera nyumba zambiri, anamwino angathe kuyeza ana ochuluka pasikelo, ndipo mabuku a kuchipatala angathe kudzaza ndi maina, komabe funso lalikulu limatsala: kodi ana a m'nyumba zimenezo akukula bwino? Kodi amayi akubereka popanda ngozi? Pali njira zodziwira yankho la mafunso amenewa, ndipo zina mwa njirazo zili m'manja mwa makolo eni ake.

Mbali zitatu zoyenera kuyeza

M'chaka cha 1966 dokotala wina wa pa yunivesite ya Michigan ku America, dzina lake Avedis Donabedian, analongosola kuti ubwino wa chithandizo cha zaumoyo uyenera kuonedwa m'mbali zitatu. Maganizo akewa akugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri.

Mbali yoyamba ndi ya zipangizo ndi antchito. Apa amafunsa ngati pachipatala pali sikelo yolondola, mankhwala, madzi abwino ndi firiji yosungira katemera, pakuti katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Amafunsanso ngati antchito alipo okwanira. M'Malawi cholinga cha Unduna wa Zaumoyo n'chakuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000. Anthu akachuluka kuposa pamenepo, mabanja ena amatha miyezi osayenderedwa.

Mbali yachiwiri ndi ya kagwiridwe ka ntchito. Sikelo ingathe kukhalapo koma mwana n'kuyezedwa mosasamala. Mankhwala angathe kuperekedwa koma mayi osauzidwa kamwedwe kake.

Mbali yachitatu ndi ya zotsatira, ndipo ndiyo yaikulu pa zonse: mwana wachira kapena sanachire, wanenepa kapena waonda, ali moyo kapena wamwalira. Mbali ziwiri zoyambazo n'zofunika chifukwa chakuti ndizo zimabala yachitatuyi. Zotsatira zikaipa, ogwira ntchito amabwerera ku mbali ziwirizo kukafufuza pamene palakwika.

Mzere wa pakhadi la kusikelo

Chida chodziwika kwambiri choyezera zotsatira ndicho khadi la kusikelo, limene masiku ano lili m'kabuku ka kuchipatala ka mwana. Khadi lotere linatchuka chifukwa cha ntchito ya David Morley, dokotala wa ana wa ku Britain amene anagwira ntchito m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Iye anaona kuti khadi likamasungidwa ndi mayi wa mwana limathandiza kwambiri kuposa likamatsekeredwa m'kabati ya kuchipatala.

Mwana wathanzi amabadwa wolemera pafupifupi makilogalamu 3, ndipo wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amafuna chisamaliro chapadera. Pofika miyezi 5 kapena 6 kulemera kwa mwana kumakhala kutawirikiza kawiri, ndipo pokwanitsa chaka kumakhala kutawirikiza pafupifupi katatu. Mwezi uliwonse mwana akayezedwa, kadontho kamaikidwa pakhadi. Timadonthoto tikalumikizidwa timapanga mzere, ndipo mzerewo umanena chimodzi mwa zinthu zitatu. Ukamakwera, mwana akukula bwino. Ukamayenda chopingasa, mwana waleka kukula, ndipo limeneli ndi chenjezo ngakhale mwanayo akuoneka wosangalala. Ukamatsika, mwana ali pangozi ndipo ayenera kupimidwa tsiku lomwelo.

Kadontho kamodzi kokha sikanena zambiri, chifukwa ana ena amabadwa ang'onoang'ono pomwe ena amabadwa ojintcha. Chofunika ndi kumene mzere ukulowera. N'chifukwa chake kudumphitsa miyezi kumaononga ntchito ya khadi. Mzere umayamba kupingasa maso a makolo asanaone kanthu, ndipo panthawi imeneyi kusintha kadyedwe kapena kuchiza nthenda yobisika kumakhala kosavuta. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Pa tsiku la sikelo kholo lingathe kuona lokha ngati ntchito ikugwiridwa bwino. Muvi wa sikelo uyenera kuikidwa pa 0 kabudula woyezera atakolekedwa kale. Mwana ayenera kuvulidwa zovala zolemera ndi nsapato. Woyeza ayenera kudikira kuti muvi ukhazikike, alembe nambala, aike kadontho pamwezi woyenera, kenaka afotokozere mayi tanthauzo lake. Ngati mayi wabwerera kumudzi osadziwa kumene mzere wa mwana wake ukulowera, ndiye kuti mwanayo wangowerengedwa m'kaundula, koma banja silinathandizidwe.

Lamba wa pamkono

Chida chachiwiri ndi lamba wamitundu itatu amene amazengereza pakati pa phewa ndi chigongono. Lambayu amayezera ana oyambira miyezi 6 mpaka osakwana zaka 5. Mkono ukaposa masentimita 12.5, lamba amaonetsa mtundu wobiriwira. Ukakhala pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5 amaonetsa wachikasu, kutanthauza kuti mwana wayamba kunyentchera. Ukachepera masentimita 11.5 amaonetsa wofiira, ndipo mwana wotere ayenera kuyamba kulandira chithandizo mosachedwa. Palinso chizindikiro cha kutupikana. Munthu akadina ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana kwa kanthawi kochepa, n'kutsala timaenje, mwanayo wanyentchera kwambiri ngakhale sikelo itasonyeza kuti ndi wolemera, pakuti kulemerako ndi madzi.

Ana onyentchera kwambiri amene akutha kudya ndipo alibe nthenda ina yoopsa amalandira chiponde n'kumadyera kunyumba. Njira imeneyi inayesedwa m'boma la Dowa kuyambira mu 2002, kenaka inafalikira m'dziko lonse. Ntchito ya chiponde ili ndi miyezo yake imene mabungwe a m'maiko ambiri anagwirizana. Pa ana 100 alionse otuluka m'kaundula wa chithandizochi, ochira ayenera kuposa 75, omwalira asafike 10, ndipo osiyira panjira asafike 15. Nambala yotsirizayi imaulula zambiri. Ana ambiri akamasiyira panjira, kawirikawiri pamakhala chifukwa: mtunda watalika, chiponde chinatha kuchipatala, kapena amayi sanalandiridwe bwino.

Kuwerenga ndi amene sanabwere

Kaundula wa pachipatala amalemba okhawo amene afika. Koma mwana amene ali pangozi yaikulu kawirikawiri ndi uja amene sanabwere. Pachifukwa chimenechi mlangizi wa zaumoyo amasunga kaundula wa m'mudzi, mmene mumalembedwa nyumba zonse, amayi oyembekezera, ana obadwa ndi anthu omwalira. Kunena kuti ana 40 abayidwa katemera sikukwanira. Ngati m'mudzimo muli ana 45 oyenera kubayidwa, ntchito yayenda bwino. Ngati muli ana 90, ana oposa theka atsala.

Katemera amaperekanso njira ina yoyezera. Katemera woteteza ku chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi nthenda zina amabayidwa katatu, mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku amayamba pa miyezi 9. Ogwira ntchito amayerekeza chiwerengero cha ana amene analandira katemera woyamba ndi cha amene anatsiriza wachitatu. Kubwera koyamba kumasonyeza kuti makolo akudziwa kumene kuli chithandizo. Kubweranso kumasonyeza kuti anakhutira ndi zimene anapeza. Ana oposa 10 pa 100 alionse akapanda kutsiriza, chimenecho ndi chizindikiro chakuti pena pake pafunika kukonza.

Mawu a eni mudzi

Zinthu zina sikelo singathe kuyeza. Ulemu ulibe makilogalamu, ndipo kusunga chinsinsi sikulembedwa pakhadi. Komatu zimenezi ndizo zimachititsa mayi kubweranso kapena kukhala kunyumba. Mu 2002 bungwe la CARE linayambitsa m'Malawi muno njira yakuti anthu a m'mudzi azipereka okha malikisi pa chithandizo chimene amalandira. Amayi, abambo, achinyamata ndi atsogoleri amakhala m'magulu awoawo kuti aliyense amasuke. Amatchula zimene zimawakhudza, monga nthawi yotsegulira chipatala, kupezeka kwa mankhwala ndi mayankhulidwe a ogwira ntchito, ndipo chilichonse amachipatsa malikisi. Ogwira ntchito nawonso amadzipatsa malikisi paokha, natchula zimene zimawavuta. Kenaka mbali zonse zimakumana pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo a paboma n'kugwirizana chochita, wochichita ndi nthawi yake. Pakapita miyezi ingapo amakumananso kuti aone ngati malikisi akwera.

Njirayi inayesedwa m'boma la Ntcheu m'zipatala 20. Zipatala 10 zinaitsata ndipo 10 zinapitiriza monga mwa masiku onse. Kumene inatsatidwa, alangizi anayendera amayi oyembekezera kwambiri kuposa kwinako, ndipo amayi anasonyeza kukhutira ndi chithandizo. Msonkhano wotere si bwalo lozengera munthu mlandu. Cholinga chake n'chakuti vuto lidziwike ndi kukonzedwa.

Kodi kusinthako kwadza ndi chithandizo?

Ana akanenepa m'mudzi, mwina n'chifukwa cha chithandizo, mwinanso n'chifukwa chakuti mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Pofuna kusiyanitsa ziwirizi, ofufuza amayerekeza midzi yofanana. Umu ndi mmene anayezera Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Ndondomekoyi inayamba ku Mchinji mu 2006. Pakati pa 2013 ndi 2015, ku Salima ndi ku Mangochi, midzi ina inasankhidwa mwamaere kuti iyambe kulandira, pomwe ina inayamba pambuyo pake. Popeza nyengo inali imodzimodzi m'midzi yonseyo, kusiyana kumene kunaoneka kunachokera ku ndalamazo. Mabanja olandira anayamba kudya kangapo patsiku, ndipo ana awo ambiri anali pasukulu.

Dziko lonse limayezedwanso. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero, imene likulu lake lili ku Zomba, imachita kafukufuku wa zaumoyo m'mabanja. Woyamba anachitika mu 1992, ndipo amabwerezedwa pakapita zaka zingapo. Wa mu 2015 ndi 2016 anafikira mabanja oposa 26,000. Mu 1992, pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 63. Ana obadwira kuchipatala anakwera kuchoka pa 55 kufika pa 91 pa 100 alionse. Koma ana opinimbira, ndiye kuti aafupi poyerekeza ndi zaka zawo, anali 47 pa 100 mu 2010 ndipo anali akadali 37 pa 100 mu 2015 ndi 2016. Manambala amenewa anasonyeza kumene dziko linapambana ndi kumene ntchito inatsalira. Ambiri mwa manambalawa anachokera m'mayankho a makolo. Kholo lobisa imfa ya mwana kapena lonena kuti m'nyumba muli chimbudzi pomwe mulibe limasocheretsa amene amagawa mankhwala ndi antchito.

Udindo wa kholo

Kholo lililonse liyenera kusunga kabuku ka mwana pamalo ouma ndi kukanyamula nthawi zonse popita kuchipatala, ngakhale mwana akungodwala chimfine. Lisanachoke pasikelo liyenera kudziwa zinthu zinayi: kulemera kwa mwana lero, kumene mzere ukulowera, katemera amene watsala ndi tsiku lobweranso. Ngati sizinafotokozedwe, kufunsa si mwano. Safunsa anadya phula. Abambo nawonso ayenera kumaona kabukuka, chifukwa mzere ukapingasa pamafunika nsinjiro, mazira, nyemba kapena usipa, ndipo zimenezi zimafuna kugwirizana kwa banja lonse.

Amene sanakhutire ndi chithandizo angathe kukanena kwa mkulu wa pachipatalapo kapena ku komiti ya chipatala, mmene muli anthu osankhidwa m'midzi yozungulira. Amene wathandizidwa bwino aneneso, kuti zabwinozo zipitirire. Ndipo mayi akaona kuti mnansi wake wadumphitsa sikelo, amukumbutse tsiku la mwezi wamawa kuti adzapitire limodzi.