Fulashi ikabisa mafayilo, musathamangire kuifomata

Si sukulu iliyonse ya sekondale m'boma la Mulanje imene ili ndi pulinta. Choncho ophunzira zauphunzitsi akatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko amadalira malo opulintira a pa Chitakale, pa Boma kapena ku Limbuli. M'malo otere kompyuta imodzi imalandira mafulashi ambirimbiri pa tsiku: uyu wabwera ndi masikimu, uyo akufuna nyimbo za kwaya, mlembi wa mpingo naye wabweretsa pulogalamu ya Sabata. Mukabwerera kunyumba n'kutsegula fulashi yanu, mupeza mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo ntchito ya teremu yonse sikuoneka. Ambiri amangoti zatha, n'kufomata. Pamenepo ndiye pamene mafayilo amatayikiradi, chifukwa vayirasi ija sinawafufute.

Vayirasi imeneyi, imene anthu amaitcha shortcut virus, ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamagwira ntchito pa Windows. Mu Windows fayilo iliyonse ingathe kuikidwa chizindikiro chakuti isaoneke, kapena chakuti ndi ya kompyuta yeniyeniyo ndipo isakhudzidwe. Vayirasiyo imaika zizindikirozi pa mafoda anu, kenako imapanga ma shortcut a mayina omwewo. Mukadina limodzi, vayirasi imayamba yalowa m'kompyuta, kenaka n'kukutsegulirani foda yanu ngati palibe chachitika. Kuchenjera kwake kuli pomwepa. Kuyambira tsiku limenelo laputopu yanu imapatsira fulashi iliyonse imene yalowetsedwamo, ngakhale ya abusa.

Kuti mutsimikize kuti zinthu zanu zikadalipo, dinani fulashiyo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties. Ngati ikusonyeza kuti malo ena ndi odzaza pamene m'kati mukuoneka mopanda kanthu, mtima ukhale m'malo.

Kuwabweza sikufuna ndalama. Pa kompyuta imene mukuidalira kuti ilibe vayirasi, onani chilembo chimene fulashi yapatsidwa, tinene kuti ndi E. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, ndipo pa bokosi lakuda limene litseguke mulembe motere: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kenako Enter. Zilembo h, r ndi s zikuchotsa zizindikiro zija, pamene /s ndi /d zikuuza kompyuta kuti ilowe m'mafoda onse mpaka m'kati. Mipata ya pakati pa zilembozi ndi yofunika. Mukaiphonya, lamulolo likana. Fulashi ikakhala yodzaza zimatenga kanthawi, musaizule. Mafoda akaonekera, nthawi zina ali m'foda ina yopanda dzina, akopereni pa kompyuta, kenako fufutani ma shortcut onse ndi fayilo iliyonse yachilendo yothera ndi .vbs. Amene ali ndi mnzawo wogwiritsa ntchito Linux, monga Ubuntu, ali ndi njira yachidule: kumeneko vayirasiyi sigwira ntchito ndipo mafayilo amaoneka okha.

Koma kutsuka fulashi pa kompyuta yodwala n'kutunga madzi ndi dengu, chifukwa mukangomaliza ma shortcut amabwereranso. Kompyutayo imafunika kuisesa ndi Microsoft Defender kapena antivirus ina, ndipo iyenera kukhala yoti yalandira ma update posachedwa. Apa m'pamene ambirife timaumira ndi bandulo, ndipo ine ndimaona kuti n'kuumira kolakwika: ndalama ya bandulo siingafanane ndi mausiku olembanso masikimu woyang'anira atatsala pang'ono kubwera. Makompyuta akale ali pa chiopsezo chachikulu. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 7 pa 14 January 2020, koma m'malo ena opulintira ndi m'maofesi a mipingo mukaipezabe ikugwira ntchito.

Njira imene ndaona ikuthandiza n'kusapita ndi fulashi kopulintitsa. Sungani chikalatacho ngati PDF n'kumutumizira wopulintayo pa WhatsApp. Zilembo ndi mizere sizisokonekeranso pa kompyuta yake. Ngati fulashi ikufunikabe, khalani ndi ina yongoyendera kumeneko, yopanda china chilichonse m'kati. Masikimu, malikisi a ana ndi mabuku a chuma cha mpingo zikhalenso ndi kope lina kwina. Akaunti ya Gmail imabwera ndi malo aulere okwana 15 GB, ndipo zolembalemba za chaka chonse sizingadzaze ngakhale 1 GB.