Tsiku la Mlendo mu Mzinda wa Blantyre

Fodya akagulitsidwa, anthu ena a kwa Kapelula amakwera basi kupita ku mizinda ikuluikulu. Ambiri amangogula katundu m'masitolo n'kubwerera kumudzi. Koma mu mzinda wa Blantyre muli zinthu zina zosagulitsa, zongoona ndi maso, ndipo alendo amachokera kutali, ena kutsidya kwa nyanja, kudzaziona. Tiyeni titsagane ndi mlendo wotere kwa tsiku limodzi.

M'mawa mlendo wathu apita ku Chichiri, kumene kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale. Nyumbayi inatsegulidwa m'chaka cha 1966. Pabwalo pake pali mutu wa sitima yapamtunda yakale, imene inkayenda ndi nthunzi, ndiponso galimoto yakale yozimitsira moto. M'katimo muli mwala waukulu umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga m'chaka cha 1981.

Komabe, chimene mlendo amachedwa nacho kwambiri ndi zipangizo za makolo athu: makasu, nkhwangwa, mikondo, mauta, miphika ndi ng'oma. Mwina mungaseke kuona munthu wamkulu ataima nthawi yaitali, maso ali pa khasu ladzimbiri. Kodi khasu n'chinthu chachilendo? Makasu a masiku ano timagula kusitolo, koma makolo athu ankapanga okha. Iwo ankakumba miyala yokhala ndi chitsulo, naisungunula ndi makala m'ng'anjo zadothi, kenaka amisiri nasula makasuwo. Zina mwa ng'anjo zimenezi zikalipo m'nkhalango yosungiramo nyama ya Kasungu, m'boma lathu lomwe lino. Ntchito yosungunula chitsulo inatha kalekale, ndipo amene ankaidziwa anamwalira. Khasu lotere likatayika, palibenso wina wosula linzake. N'chifukwa chake limasungidwa mosamala, ndipo saloleza kulikhudza.

Dzuwa likafika paliwombo, mlendo apita ku Mandala. Kumeneko kuli nyumba yosanja imene inamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes. Mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, John Moir, ankavala magalasi a maso, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinali linakhazikika pa malowo mpaka lero. M'zipinda zapansi za nyumbayi mumaonetsedwa ziboliboli ndi zithunzi zojambula pamanja. Mlendo sathamangira. Amaima pataliko, nasendera pafupi, kuti aone mmene mmisiri anasakanizira utoto.

Pafupi ndi msewu wopita ku Chileka pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinatha kumangidwa m'chaka cha 1891. Anatsogolera ntchitoyi ndi m'busa David Clement Scott, ngakhale sanaphunzire za zomangamanga, ndipo omanga ake anali anthu a m'dziko muno. Njerwa zake anaumba ndi kuwotcha komweko.

Chakumadzulo mlendo akaonera sewero. Malo amene anatchuka kwambiri ndi zisudzo ndi French Cultural Centre, amene pambuyo pake anatchedwa Blantyre Cultural Centre. Du Chisiza Junior, amene anayambitsa gulu la Wakhumbata m'chaka cha 1987 namwalira mu 1999, ankaonetsa masewero ake kumeneko. Nalo gulu la Kwathu, mmene munali Izeki ndi Jakobo, linkaseketsa anthu m'Chichewa mpaka nthiti kuwawa.

Sewero la mu mzinda limasiyana pang'ono ndi magule a pabwalo la kwathu. Oonera amalipira pakhomo, nakhala pamipando moyang'ana nsanja. Ochita sewero amaloweza mawu awo kwa milungu ingapo, ndipo amalankhula mokweza kuti wokhala kumbuyo amve. Koma nkhani zake n'zomwe timazidziwa: mkangano wa munda, mwana wamasiye wolandidwa chuma, mkamwini waulesi. Mlendo wosamva Chichewa amangoyang'ana nkhope ndi manja a ochita sewerowo, ndipo anthu akaphulika ndi phwete, nayenso amaseka nawo.