Fayilo Ikakana Kukopedwa, Osathamangira Kuthyola Loko

Makampani akuluakulu amakopera mafayilo awo usiku uliwonse kuti kompyuta ikawonongeka asataye zonse. Kukacha, lipoti limati ntchito yatheka, koma m'munsi mwake mumakhala timizere tonena kuti mafayilo ena adumphidwa chifukwa pulogalamu ina imawagwiritsa ntchito. Pa Windows vutoli limabwera ndi nambala 32. Timizere timeneti n'tofunika kuposa lipoti lonselo, pakuti fayilo imene sipuma ndi imene kampani imadalira kwambiri: database ya SQL Server yosunga za malipiro, kapena makalata a mu Outlook a bwana amene sazimitsa kompyuta akamaweruka.

Loko amene pulogalamu imaika pa fayilo imene ikugwiritsa ntchito alipo pa chifukwa chomveka. Kukopera database ikugwira ntchito kuli ngati kukopera kaundula wa ngongole kalaliki akadalembamo: tsamba loyamba lionetsa kuti ndalama zachoka, lomaliza silinalembedwe kumene zapita. Kope loterolo limaoneka lathunthu mpaka tsiku limene mwalifuna. N'chifukwa chake Microsoft inakonza njira yotchedwa Volume Shadow Copy Service, mwachidule VSS, imene inayamba ndi Windows XP mu 2001 n'kukulitsidwa mu Windows Server 2003. Pulogalamu yokopera imapempha kaye kwa VSS. SQL Server kapena Exchange imamaliza zimene inali kulemba n'kuima kwa nthawi yosapitirira masekondi 60. M'kati mwa masekondi 10 disiki imajambulidwa mmene ilili, ndipo kope limatengedwa pa chithunzicho anthu akupitiriza ntchito zawo. Choncho mafayilo akamadumphidwabe, kawirikawiri chasokonekera ndi kumvana kumeneku. Katswiri wodziwa ntchito amayamba ndi kulemba lamulo lakuti vssadmin list writers kuti aone pulogalamu imene yalephera kuyankha, kenako amaona ngati malo osungira chithunzicho adzaza, kapena ngati pulogalamu yoteteza ku mavairasi ndiyo yagwira fayilo.

Ena amati zonsezi n'kudzivutitsa, bola kukopera pakati pa usiku anthu ataweruka. Zinkatheka kale, koma seva ya banki kapena ya kampani ya mafoni sigona, ndipo database imakhala yotsegula ngakhale muofesi mulibe munthu. Ena amati kuli bwino kungouza makina kuti azingoyesabe. Pulogalamu ya Robocopy, mukapanda kuisintha, imayesa maulendo 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pake. Fayilo imodzi ikhoza kuimitsa ntchito yonse mpaka kunja kucha, mafayilo enawo osakhudzidwa n'komwe.

Maganizo oopsa kwambiri ndi akuti loko angothyoledwa basi. N'zoona kuti zida za Mark Russinovich monga Process Explorer ndi Handle, zimene zinakhala za Microsoft mu 2006, zimaonetsa pulogalamu imene yagwira fayilo, ndipo zimathanso kuilanda mokakamiza. Kuonako n'kwabwino, kulandako ayi. Windows imapereka kanambala kwa pulogalamu iliyonse yotsegula fayilo, ndipo kanambala kolandidwa kakhoza kuperekedwanso ku fayilo ina. Pulogalamu ija sidziwa kuti yalandidwa, imangopitiriza kulemba, tsopano m'malo olakwika. Zowonongekazo zimatha kubisala kwa milungu, n'kumalowa m'makope a usiku uliwonse. Fayilo ikakanirira ndithu, njira yabwino ndi kutseka pulogalamuyo mwadongosolo pa nthawi yogwirizana, kapena kulola SQL Server kutulutsa yokha kope lake, kenako n'kuyesa kubwezeretsa kopelo pa kompyuta ina kuti muone ngati likutsegukadi.