Mano a Ana Athu ndi Kakulidwe ka Nsagwada

Makolo ambiri amadabwa poona kuti mwana amene anali ndi mano ondanda bwino paubwana wake, pofika zaka 12 kapena 13 mano aja ayamba kupanikizana, kapena akumwamba atulukira kunja. Ena amaganiza kuti mwanayo walodzedwa. Anzake kusukulu amamseka, ndipo iye amayamba kubisa pakamwa polankhula. Koma gwero la vutoli kawirikawiri ndi kakulidwe ka nsagwada.

Mwana amamera mano oyamba 20. Kuyambira zaka 6 manowa amayamba kuguluka, ndipo m'malo mwake mumabwera mano okhalitsa, amene onse pamodzi ndi 32. Mano atsopanowa ndi aakulu, motero amafuna malo ambiri. Malowo amapezeka pamene nsagwada yakunsi ikukula. Iyo imakulira kumbuyo, kufupi ndi khutu, ndipo potero cibwano cimasunthira kutsogolo ndi kunsi.

Nsagwada yakunsi imakula mofulumira pa nthawi yotha msinkhu. Atsikana amayamba msanga, anyamata amacedwa koma amapitirira mpaka ca m'ma zaka 18 kapena 20. Yakumwamba imatsiriza kukula yakunsi isanatsirize. N'cifukwa cake mano akunsi a kutsogolo angathe kupanikizana ngakhale mwana atakula kale.

M'caka ca 1899 dokotala wa mano wa ku America, Edward Angle, anagawa vutoli m'magulu atatu. M'gulu loyamba mano otafunira amakumana bwino, koma ena ndi okhota kapena opanikizana. M'gulu laciwiri mano akunsi amatsalira m'mbuyo, ndipo akumwamba amatulukira. Mano otere sacedwa kuthyoka mwana akagwa. M'gulu lacitatu mano akunsi amapitirira akumwamba. Izi zimayenda m'magazi, monga zinaonekera m'banja lacifumu la Habsburg ku Ulaya, makamaka pa mfumu Charles II ya ku Spain, imene inamwalira m'caka ca 1700.

Za m'magazi sitingazisinthe, koma zina zili m'manja mwathu. Mwana akapitiriza kuyamwa cala atapyola zaka 4, mano akumwamba amakankhidwira kunja. Dzino loyamba likabooka ndi kuzulidwa nthawi isanakwane, oyandikana nalo amapendekera m'mpatamo, ndipo dzino lokhalitsa limasowa pomera. Tsono mano aubwana nawonso ayenera kutsukidwa kawiri pa tsiku, ndipo switi zicepe.

Akulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Mwana wa nsagwada yotsalira amathandizidwa bwino pamene akukula mofulumira, pomuveka zipangizo zimene zimakokera nsagwadayo kutsogolo. Wa nsagwada yotulukira kwambiri nthawi zina amadikira kufikira atatsiriza kukula, cifukwa cithandizo ca msanga cingathe kufafanizika nsagwada ikapitiriza kukula. Woweruza zimenezi ndi dokotala wa mano yekha. Musazule dzino lokhalitsa kunyumba pofuna kupezera ena malo, pakuti silimeranso. Pitani naye mwanayo ku cipatala ca boma kapena ca mishoni akamuone.

Pa 9 February Eklezia amakumbukira Apollonia Woyera, amene adani a cikhulupiriro anamuthyola mano ku Alexandria ca m'ma 249, ndipo ndiye nkhoswe ya odwala mano. Pa tsikulo tiyang'ane m'kamwa mwa ana athu, ndipo tiwaphunzitse kuti kuseka mnzawo cifukwa ca mano ake ndi kunyoza cifaniziro ca Mulungu.