Leo Wamkulu, Papa wa Nthawi Imene Ufumu wa Roma Unkagwa

Mwa apapa akale amene Mpingo wa Katolika umawalemekeza monga oyera, Leo Woyamba, amene anatsogolera mpingo kuyambira chaka cha 440 mpaka 461, ndiye woyamba kutchedwa Wamkulu. Anakhala pampando pamene ufumu wa Roma wa kumadzulo unali kutha mphamvu, ndipo ngakhale analibe asilikali, anthu ankayang'ana kwa iye pa nkhani za chiphunzitso ngakhalenso za chitetezo cha mzinda wa Roma.

Leo anabadwa cha m'ma 400, ndipo zolemba zakale zimati banja lake linali la ku Tuscany, m'dziko la Italy. Anatumikira ku Roma monga dikoni, kutanthauza mthandizi wa episkopi pa mapemphero ndi pa chisamaliro cha osauka. M'chaka cha 440, atatumidwa ku Gaul, komwe lero kuli France, kukayanjanitsa akuluakulu awiri a boma, Aetius ndi Albinus, Papa Sixtus Wachitatu anamwalira, ndipo Leo anasankhidwa iye kulibe, nadzozedwa pa 29 Seputembala atabwerako.

Nkhani yaikulu ya m'masiku ake inali yokhudza Khristu mwini. Eutyches, mkulu wa amonke ku Constantinople, ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu atakhala munthu, umulungu ndi umunthu wake zinasanduka chikhalidwe chimodzi, mwakuti umunthuwo sunalinso wofanana ndi wa anthu ena. M'chaka cha 449 Leo analembera kalata Flavian, episkopi wa mzindawo, kufotokoza kuti Khristu ndi mmodzi yekha, koma ali ndi zikhalidwe ziwiri zathunthu, cha umulungu ndi cha umunthu, zimene sizisakanikirana komanso sizilekana. Kufunika kwa mfundoyi, malinga ndi Leo, kunali kwakuti Khristu akadapanda kukhala munthu weniweni, imfa yake sikadapulumutsa anthu. Msonkhano wa maepiskopi umene unachitikira ku Efeso chaka chomwecho sunalole kuti kalatayo iwerengedwe, ndipo Leo anautcha msonkhano wa achifwamba. Koma m'chaka cha 451 msonkhano wina, wa ku Chalcedon, unalandira kalatayo, ndipo maepiskopi anafuula kuti mtumwi Petro walankhula kudzera mwa Leo. Ngakhale zinali choncho, Akhristu ambiri a ku Iguputo, Suriya ndi Armenia sanavomereze chigamulocho, ndipo mpingo wa Akoputiki ndi wa ku Ethiopia akadali m'gulu la osachivomereza mpaka lero.

M'chaka cha 452 Attila, mfumu ya mtundu wa Ahuni, analowa m'dziko la Italy ndi kuwononga mzinda wa Aquileia, ndipo Leo anali mmodzi mwa nthumwi zimene zinakakumana naye pafupi ndi Mantua. Attila anabwerera osafika ku Roma, ngakhale akatswiri a mbiri yakale amakumbutsa kuti njala ndi matenda zinali zitafooketsa kale gulu lake lankhondo. Patapita zaka zitatu, Gaiseric, mfumu ya Avandali, anabwera ku Roma pa nyanja kuchokera ku Carthage, kumpoto kwa Africa. Ulendo uno Leo sanathe kuletsa kufunkha, kumene kunatha masiku 14, koma olemba mbiri a nthawiyo amati anachonderera mfumuyo kuti isatenthe mzinda kapena kupha anthu mwachisawawa.

Maziko a ntchito zonsezi anali chikhulupiriro chake chakuti episkopi wa Roma ndi mlowam'malo wa mtumwi Petro, amene amalandira udindo wake ngakhale sangafanane naye pa chiyero. N'chifukwa chake anakana lamulo la 28 la msonkhano wa Chalcedon, limene linkakweza mpingo wa Constantinople pa chifukwa chakuti mzindawo unali likulu la mfumu ya Aroma, popeza kwa iye ulemu wa mpingo unkachokera kwa atumwi, osati kwa mafumu.

Leo anamwalira pa 10 Novembala 461, tsiku limene Akatolika amamukumbukira chaka ndi chaka, ndipo anaikidwa m'manda pa tchalitchi cha Petro Woyera. Maulaliki ake 96 ndi makalata 143 alipo mpaka pano, ndipo m'chaka cha 1754 Papa Benedict wa 14 anamulengeza kukhala Mphunzitsi wa Mpingo, ulemu umene umaperekedwa kwa oyera amene zolemba zawo mpingo wonse umazidalira pa chiphunzitso.