Mashoko onyezimira, msewu wamatope

Galimoto ikamachoka padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe, imayenda mwakachetechete ngati ikuyandama. Koma ikangokhala dzinja limodzi ku Nkhorongo, kumpoto kwa mzinda wa Mzuzu kupitirira Luwinga, nyimbo imasintha. Kutsogolo kumayamba kumveka gu! gu! gu! Kumbuyo kumakhala pansi ngati thadzi lokhalira mazira, ndipo pamahampu kunsi kumakhula mpaka apaulendo kutsika kuti galimoto idutse.

Apa mpamene mwini wake amayamba kufunsafunsa. Masiku ano, poti sitolo zidalowa m'mafoni, yankho silichedwa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zithunzi za mashoko onyezimira, ofiira, obiriwira ngakhalenso agolide, amene ogulitsa amati munthu atha kuwasintha momwe akufunira. Ati ukafuna galimoto ikwere umapotokola, ukafuna ifewe umapotokolanso.

Kwa banja limene galimoto imodziyo ndiyo takisi masana, ndiyo yonyamula feteleza, ndiyonso yothamangira ku Mzuzu Central Hospital mwana akadwala usiku, nkhaniyi si yachibwana. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo, moti kulakwitsa pogula mashoko n'kutaya fizi ya mwana.

Choyamba n'kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza. Chimene chimanyamula galimoto si shoko ayi, koma sipuling'i. Ntchito ya shoko n'kuletsa sipuling'iyo kuti isamangodumphadumpha tayala likagunda bampu. M'kati mwa shoko muli oyilo amene amakankhidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Timabowoto tikachepa, oyilo amadutsa movutikira ndipo shoko imalimba. Tikakula, imafewa.

Choncho galimoto imene yakhala pansi kumbuyo, vuto lake ndi masipuling'i otopa kapena katundu wochuluka. Kuigulira mashoko okhaokha, kaya akhale okwera mtengo bwanji, sikungaidzutse.

Mashoko osinthawa nawo alipo amitundumitundu. Ena amaoneka ngati amene adabwera ndi galimoto, kungoti ali ndi kabatani kopotokola kamene kamatsegula kapena kutseka timabowo tija. Kampani ya Tein ya ku Yokohama m'dziko la Japan ili ndi mtundu wotere wotchedwa EnduraPro Plus. Kulimba kwake kumasinthika m'magawo 16, koma masipuling'i amakhala omwewo a galimoto ndipo galimotoyo sikwera kapena kutsika.

Ena ndi amene amatchedwa ma coilover. Apa shoko ndi sipuling'i zimabwera pamodzi, thupi la shoko lili ndi mazinga ngati bawuti, ndipo munthu amakweza kapena kutsitsa galimoto pozunguliza mphete ndi sipanala yake. A kampani ya BC Racing ya ku Taiwan, mwachitsanzo, alinso ndi kabatani kosintha kulimba m'magawo 30.

Achiwiriwa ndiwo amakopa maso pazithunzi. Komatu paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ma coilover ambiri a galimoto zing'onozing'ono sadapangidwe kuti akweze galimoto. Adapangidwira anthu a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America ofuna kuitsitsa kuti ioneke bwino komanso isapendekeke pokhota mwaliwiro pamisewu yosalala ngati mbale. Ukawakweza mpaka pomaliza, ambiri amangofika pamene galimoto idali kale, ena osafikapo n'komwe.

Chonsecho Sienta, Probox, Passo kapena Vitz imachoka kufakitale italekana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 15 okha, isadanyamule munthu. Kuchotsapo atatu kapena anayi pamenepo n'kupereka sampu ya injini kwa miyala.

Njira zambiri za ku Nkhorongo, ukangosiya msewu waukulu n'kulowera kumakomo kapena kuminda, n'zadothi. Mvula ya ku Mzuzu sifulumira kutsanzika. Imagwa mpaka April, zaka zina n'kulowa May. Madzi amakumba ngalande mmene mumadutsa matayala n'kusiya mtumbira pakati. Panjira yotere galimoto imafuna zinthu ziwiri: mpata kunsi, ndi tayala lotha kutsikira m'dzenje n'kukweranso osasiyana ndi nthaka.

Apa ndi pomwe ma coilover ambiri amagwa mayeso. Ndi aafupi, ndipo masipuling'i ake amalimba kawiri kapena katatu kuposa a kufakitale. Kabatani kaja sikafewetsa sipuling'i, kamangokhudza oyilo. Munthu atha kupotokola tsiku lonse, koma ngati sipuling'i ndi youma, agogo amene akhala kumbuyo amvabe dzenje lililonse mumsana.

Ndipo mphamvu imene sipuling'i yakana kumeza sithera m'malere. Imapita kumabushi, kuma ball joint ndi pamene shoko imamangidwa kuthupi la galimoto, pamalo poti pakang'ambika n'kuyamba kusaka wowotcherera. Ma coilover ena amabwera ndi zomangira zapamwamba zachitsulo chokhachokha m'malo mwa labala. Pampikisano wa galimoto n'zabwino, koma pafumbi sizichedwa kuyamba kugogoda.

Palinso chinyengo china. Dalaivala akamva kuti galimoto yauma amaganiza kuti yagwira msewu. Paphula losalala, monga pamsewu wa Mzuzu-Nkhata Bay umene udamangidwanso ndi thandizo la African Development Bank, zimenezo zimatheka. Koma patimabampu tondondozana ta msewu wafumbi, shoko yolimba kwambiri imachititsa tayala kumangodumpha pamwamba. Tayala limene lili m'malere silimvera chiwongolero, silimveranso mabuleki.

Kufewa kopitirira nako n'koopsa. Shoko yakufa imasiya galimoto ikupendamira uku ndi uku ngati bwato, zimene palibe angazifune potsetsereka pa Chiweta banja lonse lili m'kati.

Sikuti zosinthasinthazi n'zachilendo kwenikweni kuno. Minibasi za Hiace ndi ma Hilux akale a 4x4 kutsogolo ali ndi ndodo yachitsulo yotchedwa torsion bar, imene makaniko amaimanga ndi bawuti kuti galimoto idzuke. Amene adaimangapo mopitiriza akudziwa zotsatira zake. Galimoto imakwera inde, koma imauma ndipo matayala amadyeka mbali imodzi.

Pa coilover nkhani ndi yomweyo. Pamtundu wina galimoto imakwera pokankhira m'mwamba mpando wa sipuling'i, zimene zimadya mpata woti tayala litsikire m'dzenje. Pamtundu wabwinoko, thupi lonse la shoko ndilo limatalika kapena kufupika, sipuling'i osakhudzidwa. Wogula afunse kuti akumugulitsa uti mwa iwiriyi. Afunsenso kuti akaukweza mpaka pomaliza, galimoto ifika pati poyerekeza ndi mmene ilili. Wogulitsa akayamba kuzungulira pafunso limeneli, ndalama ibwerere m'thumba.

Amene zida zogula paderazi zimawakomeradi ndi eni mapikapu ndi galimoto zina zikuluzikulu zoyenda misewu ya ku Nyika, Usisya kapena Livingstonia. Makampani a ku Australia monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4 amapanga mashoko ndi masipuling'i ataliatali okweza Hilux kapena Land Cruiser ndi masentimita 4 kapena 5, ndipo sipuling'i amaisankha potengera katundu amene galimotoyo imanyamula tsiku ndi tsiku. Ngakhale apo, wogula sipuling'i ya katundu wolemera pomwe pikapu yake imayenda yopanda kanthu amakhala wadzigulira ngolo.

Nanga wa Sienta kapena Probox atani?

Kunena mosabisa, ambiri safunika ma coilover. Mashoko atsopano enieni a KYB, Monroe kapena Gabriel, pamodzi ndi masipuling'i atsopano kumbuyo, amabweza galimoto mwakale. Kampani ya Monroe imalangiza kusintha mashoko galimoto ikayenda makilomita 80,000, ndipo zambiri zochokera ku Japan zimafika kuno zitayandikira kapena kupitirira mtunda umenewo ndi mashoko omwe zidabadwa nawo.

Wofuna mpata wowonjezera kunsi atha kuika masipesa, monga ambiri amachitira, koma a masentimita 2 kapena 3 ndi okwanira. Kupitirira apo ma CV joint amagwira ntchito atapendeka ndipo satha mwezi wambiri asadayambe kulira, mapaipi a mabuleki ndi mawaya a ABS amakokeka, ndipo galimoto yokwera kwambiri sichedwa kugubuduzika pokhota.

Amene katundu wake amasintha, lero ana a sukulu mawa matumba, kuli timatumba ta mpweya tolowetsa m'kati mwa masipuling'i a kumbuyo. Timapopedwa ngati tayala katundu akachuluka, n'kuphwetsedwa akatsika. Ndipo amene akufunitsitsa kabatani kopotokola, mtundu woyamba uja, wosatsitsa galimoto, ndiwo ungagwirizane ndi njira za ku Nkhorongo, bola ngati ulipo wa galimoto yakeyo.

Koma pasakhale kudzinamiza. Sienta zambiri zidapangidwa kunyamula anthu 7 kuphatikizapo dalaivala. Matumba asanu a chimanga ndi makilogalamu 250. Sipuling'i yolimba ibisa kulemerako kuti galimoto isaoneke yokhala pansi podutsa apolisi apamsewu, koma mabuleki ndi matayala akadali omwe aja, ndipo ndiwo adzaulule pamtsetse.

Matayalawo nawo ndi gawo la nkhani. Sienta zoyambirira zambiri zidabwera ndi matayala a 175/70R14, amene mbali yake ndi yotalika ndipo imameza mabampu ang'onoang'ono shoko isadagwire n'komwe ntchito. Kuikapo malimu akuluakulu okhala ndi matayala opyapyala kumakongoletsa galimoto paukwati, koma limu imapindika padzenje loyamba. Kupopa mopitiriza nakonso kumaumitsa galimoto, pomwe muyezo wake udalembedwa pakapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala.

Pogula, maso akhale patsogolo. Shoko yakaunjika yopakidwa penti imaoneka ngati yatsopano, ndipo dzina la pakatoni si umboni woti cham'kati n'chenicheni. Ndodo yonyezimira ya shoko isakhale ndi zipsera kapena dzimbiri, ndipo poikankha ndi manja ilowe ndi kutuluka mosadukiza. Mashoko amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Wogula ma coilover afunsiretu kuti imodzi ikaphulika, inzake idzachokera kuti. Kudikira chitsulo kuchokera ku Japan kapena ku Johannesburg kutha kuimika takisi kwa milungu, pomwe shoko wamba ya Sienta kapena Probox sivuta kupeza m'sitolo za zida zagalimoto m'tauni.

Amene wagula kale osinthawa asataye mtima, koma aike dongosolo. Galimoto iime pamalo athyathyathya, ayeze ndi tepi kuchokera pakati pa limu kufika pamlomo wa thupi la galimoto pamwamba pa tayala, ndipo kumanja kufanane ndi kumanzere. Akangosintha kutalika apite kukachititsa alayimenti ndi kuonetsa magetsi akutsogolo, apo ayi matayala atha m'miyezi yochepa ndipo usiku aziwalira anzake m'maso.

Kabatani kayambire pakati. Powerenga magawo, makampani ambiri amati munthu ayambire pomwe shoko yalimba kwambiri n'kumabwerera. Asinthe magawo awiri okha nthawi imodzi, mbali zonse mofanana, kenaka ayende njira yomweyo: kuchoka pakhomo ku Nkhorongo, kudutsa Luwinga, n'kutsata M1 kulowera ku Ekwendeni, ndi katundu amene amanyamula masiku onse. Galimoto ikamadumpha kawiri kapena katatu ikadutsa hampu, alimbitse. Ikamanjenjemera n'kutaya kumbuyo pafumbi, afewetse. Manambalawo alembe m'kope, poti pakatha sabata palibe amakumbukira.

Mdani wotsala ndi matope. Akalowa m'mazinga n'kuumiramo, dzimbiri limagwira mphete zija moti sipanala imaterereka pachabe. Mvula isadayambe, mazinga atsukidwe ndi burashi, apakidwe mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo ngati n'kotheka avekedwe zikwama zake zansalu. Mashoko ndi masipuling'i akale amene achotsedwa asatayidwe kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo. Asungidwe pouma, aliyense atalembedwa mbali imene adachokera.