Kusankha Njinga Yoyendera M'tauni

Kodi mukuganiza zogula njinga? Mwina mwatopa ndi kulipira minibasi m'maŵa ndi madzulo. Mwina mwagulitsa mtedza ndipo ndalama zili m'thumba. Musathamangire kusitolo. Khalani pansi kaye, tikambirane.

Anthu ambiri posankha njinga amayang'ana utoto. Akaona yonyezimira, basi mtima wagwa pomwepo. Koma utoto sukwera chitunda, ndiponso suimitsa njinga. Dzifunseni kaye: kodi njingayi idzayenda mu mseu wotani? Nanga idzanyamula chiyani?

Tiyambe ndi njinga yakuda ija imene ankakwera makolo athu. Mawilo ake ndi aakulu, a mainchesi 28, ndipo ilibe magiya. Kale maina otchuka anali Humber ndi Raleigh. Masiku ano zambiri za mtundu umenewu zimachokera ku India ndi ku China, monga Hero ndi Phoenix. Njinga imeneyi imanyamula thumba la chimanga osadandaula. Zipangizo zake zimapezeka pafupifupi pa msika uliwonse, ndipo wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango amaidziŵa bwino lomwe. Kuipa kwake ndi kulemera. Ku Lilongwe zitunda ndi zochepa, choncho simungavutike kwambiri. Koma ngati mukhala ku Ndirande kapena ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre, dziŵani kuti masiku ambiri inu ndi amene mudzakhala mukuikankha.

Palinso njinga ya Buffalo. Ndi yolimba zedi, ndipo kaliyala wake anapangidwa kuti anyamule makilogalamu 100. Pa Buffalo zambiri zimene mumaziona, buleki ili m'kati mwa wilo la m'mbuyo. Mukafuna kuima mumapondereza pedulo chobwerera m'mbuyo. Nayonso ndi yolemera, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo.

Tsono pali njinga zamagiya. Zambiri zimabwera kuchokera kunja zitagwirako kale ntchito. Magiya amagwira ntchito motere. Kumbuyo kuli magudumu a mano angapo, ena aakulu, ena aang'ono. Tcheni chikakwera pa gudumu lalikulu, mwendo umapepukidwa. Mumapalasa kambirimbiri, liŵiro n'kuchepa, koma chitunda mumakwera muli pachishalo. Zimathandizanso ponyamuka pa maloboti, pamene magalimoto akukuimbirani hutala kumbuyo. Koma chenjerani. Kachitsulo kosintha magiya kamalendeŵera pafupi ndi wilo. Njinga ikangogwera mbali imeneyo, kamapindika, ndipo tcheni chimayamba kugwaigwa. Zina mwa njingazi zili ndi zipangizo zosapezeka kuno. Ndikudziŵa bambo wina amene njinga yake yokongola yatha chaka ili pakhonde, nkhuku zikugonapo, chifukwa cha kachitsulo kamodzi. N'chifukwa chake ndimati popita kukagula, tengani munthu wokonza njinga wa kwanuko. Iye akanena kuti, "Iyi zipangizo zake sindinazionepo," isiyeni.

Musalipire musanaikwere. Mukakhala pachishalo, phazi lili pa pedulo ya pansi, mwendo ukhale wotsala pang'ono kuwongoka. Chishalo chikatsika kwambiri mawondo amaŵaŵa. Kenaka tsikani, nyamulani wilo ndi kulizungulitsa. Lisamavinevine. Onani felemu molumikizira monse. Ngati malo amodzi okha ali ndi utoto watsopano, funsani, pakuti mwina pamenepo panathyoka ndipo anawotcherera.

Koma choposa zonse ndi mabuleki. Kumudzi munthu amatha chaka akuimitsa njinga ndi phazi, ndipo anthu amangomuseka. M'tauni zimenezo ndi imfa. Gwirani mabuleki onse aŵiri, ndipo yesani kukankha njingayo. Isasunthe. Dziŵaninso kuti timipira ta buleki timaterereka pa limu yachitsulo ikanyowa. Nthaŵi ya mvula njinga yakuda ija imapitirira ndithu musanaime. Choncho yambani kugwira buleki mukadali patali.

Chifukwa chiyani ndikulimbikira za mabuleki? Mudzaona nokha tsiku loyamba. Miseu ya m'tauni anaikonza poganizira magalimoto. Wapanjinga amangopatsidwa kam'mphepete, ndipo kam'mphepeteko n'kogumuka, kodzaza mchenga ndi magalasi osweka. Pena pali ngalande yosavundikira. Pena wina wayala malonda ake. Mukati muzembe dzenje, njinga yamoto ya kabaza yakudutsani mosayembekezeka. Mukati mupume, munthu watsekula chitseko cha galimoto yoima osayang'ana m'mbuyo. Zimapsetsa mtima, inde. Koma kupsa mtima sikukuthandizani, poti inu mulibe chitsulo chokutchingani.

Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina m'maŵa ndinali kutsetsereka ndi njinga yanga, mabuku ali pakaliyala. Minibasi inandipitirira, ndipo pomwepo kondakitala anaona munthu ataimika dzanja. Inakhota n'kuima patsogolo panga penipeni. Timipira tanga ta buleki tinali titatha, ndipo ndinali kunena kuti ndigula mwezi ukatha. Ndinagwera m'ngalande, bondo n'kusupuka, foloko ya njinga n'kupindika. Minibasi inanyamula munthu wake n'kumapita. Ndalama zimene ndinaononga pokonzetsa zikanagula timipira tambirimbiri. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona minibasi patsogolo, ndimangoti iima tsopano lino, zala zili kale pa buleki.

Kuno kwathu timayenda kumanzere kwa mseu. Wapanjinga nayenso ayende kumanzere, molunjika kumene magalimoto akupita. Ena amayenda kumanja, ati kuti aziona galimoto ikubwera. Lamulo limenelo ndi la oyenda pansi, si lanu ayi. Dalaivala wotuluka mu mseu waung'ono amayang'ana kumene kukuchokera magalimoto, ndipo inu sakuyembekezerani mbali inayo. Komanso musadziphatike kwambiri m'mphepete. Siyani kampata koti muthaŵireko zinthu zikavuta. Podutsa galimoto yoima, siyani mpata wokwana chitseko chotsekula.

Malole ndi mabasi aakulu ndiwo oopsa kwambiri. Dalaivala amakhala pamwamba, kudzanja lamanja. Inu mukaloŵa kumanzere kwake, pambali pa lole, sakuonani konse. Ndipo lole ikamakhotera kumanzere, mawilo a m'mbuyo amadula njira, n'kudutsa pamene inu mwaima. Musaloŵe pakati pa lole ndi m'mphepete mwa mseu, ngakhale itaima pa maloboti. Dikirani kumbuyo kwake.

Pa raundabauti, monga zija za mu mseu wa Masauko Chipembere pakati pa Blantyre ndi Limbe, amene akuchokera kudzanja lanu lamanja ndiye amayamba kudutsa. Musanakhote paliponse, cheukani, kenaka tambasulani dzanja la mbali imene mukupita. Ngati magalimoto achuluka ndipo mtima ukugunda, tsikani, muwoloke mukukankha njinga pamodzi ndi oyenda pansi. Palibe manyazi pamenepo. Ine ndimatero kaŵirikaŵiri.

Madzulo vuto ndi lakuti simuoneka. Inu mumaona nyali za galimoto, ndiye mumayesa kuti nayenso dalaivala akukuonani. Sizili choncho. Munthu wovala zakuda, pa njinga yakuda, amaoneka galimoto itafika kale pafupi. Ikani nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo valani malaya oŵala. Poŵerengera ndalama za njinga, muŵerengeretu nyali, belu, pampu ndi loko.

Loko ndatchulayu ndi wofunika, chifukwa m'tauni njinga zimabedwa masana dzuŵa likuswa mtengo. Pogula, pemphani lisiti, makamaka ngati njingayo ndi yogwirako kale ntchito. Mukagula yakuba, apolisi adzaitenga ndipo ndalama zanu zidzapita. Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pa felemu. Kaŵirikaŵiri imakhala kunsi, pamene pamazungulira mapedulo, kapena pansi pa chishalo. Tembenuzani njingayo, pukutani dothi, muipeze. Popeza tsopano cholembera mumachigwira nokha, koperani nambalayo m'kope lanu, onani ngati yafanana ndi ya pa lisiti, ndipo musunge zonse ziŵiri m'nyumba.